Maluwa Oyenera Kutenthedwa

Ndinafika ku Chongwe pa lole yonyamula matumba, ndili mtsikana wongokwatiwa kumene, m'zaka zija za Chitaganya. Kwathu ndi ku Katete. Amuna anga anatsogola chaka chimodzi, napempha malo kwa Asoli a kwa Nkomeshya, kufupi ndi mtsinje wa Kanakantapa. Ankalima chimanga ndi mtedza ngati wina aliyense, koma anthu ankawadziwa ndi ntchito yokonza njinga pansi pa mkuyu wa kuseri kwa nyumba yathu.

Chisoli sindinkachimva. Miyezi yoyamba ndinkangomwetulira pachitsime ngati wosalankhula, ndikatunga madzi n'kuthawira kunyumba. Amene anandichotsa manyazi anali mayi wina wa kwathu komweko, wa mudzi woyandikana ndi wathu. Sitinali pachibale, koma amayi awo ndi amayi anga ankapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo kuchilendo zimenezo zimakwana. Ndinkawatcha akulu anga, iwo ankanditcha mwana wa kwathu. Anandiphunzitsa kupereka moni m'Chisoli, anandisonyeza kokumba dothi lozirira nyumba, ndipo tsiku limene ndinabereka mwana wanga woyamba ndi iwo anandigwira msana. Amuna awo ankasamalira maluwa pa famu ya mzungu wina, kutali cha ku msewu wa ku Lusaka. Ankabwera Loweruka masana pa njinga, n'kubwerera Lolemba m'mamawa.

Ine ndinali ndi kachizolowezi kamene anthu ankandiseka nako. Ndinkadzala maluwa m'zitini. Ndinakatengera ku sukulu ya mishoni, kumene mkazi wa aphunzitsi athu ankaika maluwa pazenera, natituma atsikanafe kuwathirira. Pochoka kwathu ndinamanga timitengo titatu m'kansanza konyowa, ndipo tonse tinaphuka. Kamodzi ndinakadzala m'debe la palafini lodula pakati, tiwiri m'zitini za jamu. Amayi a pamudzi ankati akadutsa, amandifunsa kuti ndiwo zimenezi ndidzathyola liti. Amuna anga sankawaona n'komwe maluwawo, komabe anandikhomera thabwa pansi pa zenera kuti nkhuku zisamafike.

Chaka chachitatu, mphepo yachisanu itangoleka, dzuwa likuyamba kuluma, akulu anga anatulukira pakhomo atasenza dengu. Anatula, nabwerera kwawo kukatenga lina. Munali miphika isanu ya maluwa, yofiira, yowotcha bwino, iliyonse ndi kabowo pansi. Chikhalire ndinali ndisanagwirepo mphika woumbira duwa lokha. Maluwa akenso anali achilendo. Awiri anali akakombo okhala ndi mphukira zotupa zotsala pang'ono kumasula, limodzi linali ndi masamba aakulu amizeremizere, ena awiri anali ofiira ngati lipombo la tambala. Anandiuza kuti dona wa ku famu anali ndi maluwa ochuluka, ndiye anapatsako amuna awo.

"Ine nilibe dzanja la maluwa," anatero. "Ni yako iyi, mwana wa kwathu."

Ndinagwada n'kuomba m'manja, misozi ili m'maso. Miphika itatu ndinaiika pa thabwa pamodzi ndi zitini zanga, iwiri m'nyumba pafupi ndi zenera. Sabata imeneyo ndinawaphikira akulu anga thobwa la mawere, ndinakawapatsa ndekha.

Chitsime chakumwa chinali kutali, ndipo madzi ake ankachepa m'chilimwe. Ndiye ndinayamba kumanyamula miphika ija kupita nayo kudimba, kumene madzi anali pafupi. Ndinkaithirira mpaka ikhute, n'kuisiya tsiku lonse pansi pa nthochi, ine ndikugwira ntchito. Dimbalo silinali langa. Mwini wake anali mayi wamasiye wachisoli, wamtali, wosalankhulalankhula, amene anandidulira kachigawo kuti ndizidzalamo mpiru ndi tomato. Iye ankalima anyezi. Mbewu yake ankasunga yekha chaka ndi chaka, ndipo anyezi wakeyo ndiye ankadyetsa ana ake anayi ndi kuwaveka. Mizere yake inkayambira pa nthochi pomwepo.

Patapita masabata awiri ndinaona kuti masamba a akakombo ayamba kutuwa. Sikunali kufota kwa ludzu. Pamwamba pa tsamba panali timizere tonyezimira ngati podutsa nkhono, ndipo kunsi kwake kunali timadontho takuda ngati wina wawazapo fodya wamphuno. Mphukira zija zinakana kumasula. Imodzi yokha inayesa, koma duwa lake linatuluka lopindika, lopsa m'mbali. Ndinaganiza kuti ndi fumbi, ndinapukuta ndi kansalu. Ndinaganiza kuti ndi njala, ndinathira manyowa a mbuzi. Kenaka matendawo analumphira pa maluwa anga a m'zitini.

Amene anandionetsa kuti chinali chiyani ndi mwana wanga, amene panthawiyo ankaphunzira kuimirira. M'mawa wina ndinali pakhonde ndi mbale yoyera yachitsulo, ndangoitsuka, ili pamiyendo panga. Mwanayo anagwira thabwa, nakoka nthambi ya duwa lofiira, nthambiyo n'kugwedezekera pamwamba pa mbale. Munagwa tinthu tonga gaga. Ndinati ndipemerere, ndinaona kuti gagayo akuyenda. Tinali tizilombo tochepetsetsa, towonda ngati nsonga ya singano, tina tachikasu, tina toderapo. Ndikatiloza ndi chala tinkalumpha n'kusowa. Pa tsamba lobiriwira sukanationa, koma pa mbale yoyera tinkaonekera poyera. Ndinagwedeza mphika uliwonse pamwamba pa mbale ija, ndipo palibe umene unalibe. Ndinang'amba mphukira imodzi ya kakombo, m'kati munali todzaza.

Ndinathyola tsamba limodzi n'kuthamangira nalo kwa akulu anga. Ndinawapeza akusinja. Sanaleke kusinja, ndipo tsambalo analiyang'ana mwa m'mbali. Anati ndi dzuwa chabe, maluwa a azungu sazolowera kutentha kwa kumudzi. Kenaka anandiuza kuti ndiponye tsambalo pamoto, ndisambe m'manja ndisanadutse pa nyemba zawo zimene anadzala kuseri kwa bafa. Ndinachita zonsezo osaganiza kanthu.

Sabata yotsatira mayi wamasiye uja anandiitana kudimba. Anyezi wake anali atatuwa ngati wathiridwa phulusa, nsonga za masamba zitauma n'kupindika. Anazula mmodzi, natambasula pakhosi pamene masamba amakumana, nandionetsa. Tizilombo tomwe tija tinali titabisala mmenemo, tikuthawa kuwala. Anayang'ana pa nthochi pamene ndinkaika miphika, nayang'ana ine, nabwerera ku ntchito yake. Pofika Lachitatu, amayi ena awiri a madimba a kumunsi anali akudandaula zomwezo.

Lachinayi lililonse masana amayi tinkasonkhana ku tchalitchi, Asoli ndi ife a kum'mawa pamodzi. Tsiku limenelo, titatha mapemphero tisanabalalike, mayi wamasiye anaimirira. Analankhula m'Chisoli, nabwereza m'Chinyanja kuti tonse timve. Sanakweze mawu. Anati walima anyezi kuyambira ali mtsikana, ndipo sanamuonepo atafika pamenepa. Ankangofuna kudziwa kumene miphika ija inachokera, kuti mwina kumeneko akudziwanso mankhwala ake.

Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa yankho linali pabenchi lomwelo. Ndinatembenukira kwa akulu anga. Anaimiriradi, nakonza duku lawo.

"Ine ninamuletsa," anatero. "Anamva kuti ku famu ataya maluwa, anapita yekha kukatola kudzala. Ninamuuza kuti zotaya azungu sizitoledwa. Koma ana a masiku ano samvera."

Anakhala pansi pafupi nane, phewa lawo likukhudza langa. Ndinamva kutentha kwa thupi lawo kupyola mu bulauzi. Famu imeneyo ndinali ndisanaione, ngakhale njira yake sindinkaidziwa. Koma ndinali wamng'ono kuposa onse m'chipindamo, mlendo pa dziko la eni, ndipo amene ananenayo ndi amene ankandiimira pa zonse. Ndikanati akunama, ndani akanandimvera? Ndinangoweramitsa mutu, ndipo amayi anatenga kuwerama kumeneko ngati kuvomera.

Kuyambira tsiku limenelo moni wa pachitsime unafupika. Ana ankati akadutsa pakhomo pathu, amanong'onezana kuti apa ndi pa dona wa kudzala. Amuna anga atamva anavala malaya kuti akafunse, koma ndinawagwira. Ndinati mwina akulu anga anachita mantha pagulu, abwera okha adzandifotokozera. Ndinasesa pakhonde Lachisanu lonse ndikuyang'ana kunjira. Sanabwere.

Loweruka masana amuna a akulu anga anafika akukankha njinga, tcheni chitaduka panjira. Sanayambe afika kwawo, anakhotera kwathu. Amuna anga akugogoda tchenicho, ine ndinawabweretsera alendowo madzi akumwa. Pamene ankandibwezera chikho ndi pamene maso awo anagwera pa thabwa lija. Anadzuka, napita kukatembenuza tsamba limodzi.

"Mlamu, nanga maluwa awa simunatenthe?" anandifunsa.

Ndinawafunsa kuti ndikanawatentheranji mphatso. Bamboyo anakhala pa chitsa, navula chipewa, nayamba kufotokoza, osadziwa kuti akuulula chiyani. Tizilombo tija tinalowa m'maluwa a pakhonde la dona, ndipo mankhwala ataperewera dona analamula kuti maluwa onse odwala atenthedwe, miphika iphwanyidwe. Bamboyo anamvera chisoni miphika. Anabisa isanu, naibweretsa kumudzi maluwa ali momwemo, chifukwa ku famu analibe mpata wozula. Atafika anauza akazi awo kuti azule maluwawo, awatenthe pamodzi ndi dothi lake, miphika aithire madzi owira, kenaka aigwiritse ntchito kapena apatse amene akufuna. Anati anachita kugwedeza duwa limodzi pa mkono wa malaya awo oyera kuti akazi awo aone okha, ndipo anawachenjeza kuti tizilombo timeneti timakonda anyezi ndi nyemba.

Amuna anga anasiya kugogoda. Ndi iwo anafotokozera mlendoyo zimene zinanenedwa ku tchalitchi. Bamboyo anapotokola chipewa chawo. Anapempha chinthu chimodzi, kuti nkhaniyi isafike ku famu, chifukwa akanachotsedwa ntchito ngati mbala. Kenaka, ngati munthu wofuna kulipira ndi chimene ali nacho, anandiphunzitsa zochita. Maluwa odwala kwambiri ndi a pamoto basi. Otsalawo uwapatule, udule masamba onse otuwa. Unyike fodya wachikuda m'madzi tsiku lathunthu, usefe ndi nsalu, usungunuliremo sopo wamtanda, uwaze pamwamba ndi pansi pa tsamba, makamaka m'makwinya mobisala. Ubwereze pakapita masiku atatu, osatopa, chifukwa mazira ake amakhala m'kati mwa tsamba momwe madzi safika, ndipo ena amagwera m'dothi n'kudzatuluka pambuyo.

Lolemba, amuna awo atabwerera ku ntchito, ndinapita kwa akulu anga. Ndinawapeza akuzira khonde. Anandiyalira mphasa ngati masiku onse, nandifunsa za mwana. Ndinakhala pansi pa dothi, mphasa ndinaisiya. Ndinawauza kuti zonse ndamva.

Anapitiriza kuzira kanthawi. Kenaka anati maluwa aja anali okongola, dzanja lawo linakana kuwaponya pamoto. Pakhomo pawo sakanawasunga chifukwa cha nyemba. Anaganiza kuti kwa ine, kumene kunalibe mbewu pafupi ndi nyumba, tizilomboto tifa tokha, ine n'kusangalala. Za kudimba sanaziganizire. Mpaka pamenepo ndinkawamvetsa, ndipo mwina ndikanawakhululukira tsiku lomwelo. Ndiye ndinawafunsa za Lachinayi.

"Nanga unafuna ninene chiyani?" anatero. "Ninene kuti amuna anga anaba miphika? Amuna ako ali na ntchito ya m'manja, palibe angawachotse. Ife tili na ana asanu."

"Mukanangoti simudziwa, akulu. Simunafunike kunitumiza kudzala."

"Iwe ukali mwana. Mwana akalakwa anthu amaiwala msanga. Ine nikanyozeka pano, nizayenda bwanji?"

Anazinena modekha, ngati akundiphunzitsa kaphikidwe ka ndiwo. Ndinayembekeza kuti mwina anena kuti pepa. Anandifunsa ngati ndili ndi mchere wokwanira kunyumba, chifukwa amuna awo anabwera nawo wambiri. Ndinadzuka n'kumapita.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, ndinakoleza moto wa mapesi kuseri kwa khola. Ndinazula maluwa onse asanu ndi dothi lake n'kuponyapo. Awiri anga a m'zitini za jamu anali atadwala mopitirira, nawonso ndinawaponya. Amenewo ndiwo anandiliza, chifukwa ndinachokera nawo kwa amayi anga. La m'debe ndinalidula mpaka kutsala tsinde, ndinalisambitsa ndi madzi a fodya, ndinakaliika lokha kuseri kwa nkhokwe. Miphika ndinaiwiritsa, ndinatuma amuna anga kuti akaitule pakhomo pa eni ake.

M'mawa mwake ndinasenza ndowa ya madzi a fodya kupita kudimba. Palibe anandituma. Mayi wamasiye anali kale m'mizere yake. Ndinamufotokozera za mankhwalawo m'Chisoli changa chothyokathyoka. Ananunkhiza ndowa, nasuntha kundipatsa njira. Ndinamanga katsache ka udzu, ndinkaviika n'kuwaza, dzanja lina likutambasula khosi la anyezi mmodzimmodzi. Mizere inali yaitali. Fodya ankandizunguza mutu, ndipo mwana ankakana bere ndikapanda kusamba kawiri. Amuna anga anapita mpaka kumidzi ya kutsidya kukafuna fodya wina, chifukwa wa pafupi tinamaliza. Masiku atatu akapita ndinkabwereranso, ndipo ndikamaliza kwa mayiyo ndinkatsikira kumadimba a kumunsi. Mmodzi wa amayi a kumeneko analola, wina anati ndisaponde m'dimba mwake.

Tsiku lina, tikugwira ntchito moyang'anizana pa mzere umodzi, mayi wamasiye anandifunsa osadzutsa mutu.

"Ku famu kuja, munthu wa pansi amayenda nthawi yaitali bwanji?"

Ndinati sindikudziwa. Anandifunsanso ngati njira yake imawoloka mtsinje wa Chongwe kapena ayi. Ndinati nazonso sindikudziwa. Apo anadzutsa mutu, nandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaviika tsache lake m'ndowa mwanga, napitiriza. Koma kuyambira tsiku limenelo ankati akamapuma masana, amandiitana kumthunzi kwake.

Anyezi sanafe yense. Masamba atsopano anatuluka obiriwira, koma mitu yake inachepa, yambiri ngati mazira a nkhunda. Mayiyo chaka chimenecho sanapite ku msika wa ku Lusaka, ndipo mwana wake wamkulu analeka sukulu kukaweta ng'ombe za anthu. Zimenezo sindinaziiwale. Mvula yoyamba itagwa, tizilombo tinasowa tokha ngati sitinakhaleko.

Mlangizi wa zaulimi anadutsa mvula itayamba kale, nadzaima pa mkuyu kuti amuna anga amumatire chubu. Atamufotokozera, anati dzina la tizilombo tija ndi mathiripisi. Anati timakhala m'udzu ndi m'tchire zaka zonse, ndipo chilimwe chikatentha kwambiri timachuluka, mphepo n'kutiuluzira m'madimba. Za miphika anati mwina inathandizira, mwina ayi, palibe angalumbire. Abambo amene analipo anaseka dzinalo, naliyeserera kutchula, nkhani n'kuthera pomwepo. Ku msonkhano wa Lachinayi palibe anaimirira kukabweza mawu.

Inenso sindinaimirire. Kangapo konse ndinakonza mawu panjira, koma ndikafika ndinkaona ana asanu a akulu anga atakhala pa mpanda wa tchalitchi akudikira amayi awo, mawu n'kubwerera m'mimba. Nthawi zina ndimati ndinachita bwino. Nthawi zina ndimaona kuti akulu anga anandiwerenga bwino lomwe, anadziwa kuti ndidzakhala chete, ndipo n'chifukwa chake anasankha ine. Chimenecho chimandipweteka kuposa bodza lenilenilo.

Tinakhala pamudzi umodzi zaka zina zitatu. Tinkakumana pachitsime, pamaliro, pa benchi la tchalitchi. Ankandipatsa moni mokoma pamaso pa anthu, ine ndinkayankha monga mwa ulemu. Pakhomo pawo sindinapondeponso. Anthu ena ankati ndine wosayamika, munthu anandilera kuchilendo. Kenaka famu ija inagulitsidwa, amuna awo anakapeza ntchito ku migodi, banja lonse linasamuka.

Patapita chaka ndinalandira kalata, yolembedwa ndi dzanja la mwana wawo wa sukulu. Munali moni wa aliyense, nkhani ya nyumba ya malata ndi madzi a pampopi, ndi madandaulo akuti mtedza wa kumeneko ulibe mafuta. Ankapempha kuti ndikapeza wopita, ndiwatumizire mbewu ya mtedza wa kwathu. Ndinaiwerenga mpaka pansi, ndinatembenuza kuseri, kunalibe kanthu.

Ndinayamba kuyankha katatu ndi pensulo, katatu konse ndinalekezera pa moni. Mwezi wotsatira mphwake wa mayi wamasiye ankapita ku migodi kukafuna ntchito. Ndinasenda mtedza wodzaza chitini, ndinasankha wabwino wokhawokha, ndinasokera m'kathumba. Pondilandira kathumbako anandifunsa kuti akanene chiyani akakafika. Ndinamuuza kuti akangopereka.